Ndigule foni ya K70,000 yoonera mpira kapena ndidikire atsegule zipata?

Zokambirana za pagulu mu 2021, pamene anthu oonera mpira sankaloledwa kulowa m'mabwalo chifukwa cha matenda a Covid-19. Mitengo yonse ndi ya nthawi imeneyo.

Mlimi wa ku Bua: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndagulitsa matumba atatu a mpunga amene ndinasunga, ndiye pali mnyamata pa boma pano akugulitsa foni ya tachi yogwirapo kale ntchito, akuti K70,000. Ine cholinga n'chimodzi basi, mpira. Chiyambire matendawa sindinapondeko kubwalo la Chitowe ku Dwangwa. Pa 29 Malichi paja Flames ikugonjetsa Uganda, chigoli cha Richard Mbulu ndinachimvera kwa anthu okuwa kumsika, ine ndili ndi kafoni ka mabatani m'thumba. Zinandiwawa mpaka lero. Ndigule, kapena ndisunge ndalamayi mpaka atilole kulowanso m'bwalo?

Kabaza pa Boma: Gulani.

Noma Weniweni: Musagule achimwene, mverani ine. Foni si vuto, vuto ndi zimene zimabwera pambuyo pake. Ine ndinagula yanga chaka chatha mu Juni, ligi ya ku England itangoyambiranso. Kenako wina wake pa Facebook anandiuza kuti ndimutumizire K5,000 andipatsa linki yoonera masewero onse, a kuno ndi akunja, chaka chathunthu. Ndinatumiza. Linki inagwira masiku awiri. Tsiku lachitatu nambala yake sikupezeka, akaunti yake yasowa. Ndinapezanso wina, K3,000, uyo ndiye sanatumize n'komwe kanthu. K8,000 imeneyo ndikanagulira ana nsapato za kusukulu. Mpaka pano ndikaiganiza mtima umandipweteka.

Maule Dwangwa: Kkkk Manoma kuberedwa pabwalo, kuberedwanso pa foni

Noma Weniweni: Aise, nkhani ya ndalama sitiseka. Ukadzaberedwa iwe udzadziwa.

Bwana Sola: Za mafoni ndi za ana asukulu izo. Ine kwanga kuli dishi, dikoda, TV ya mainchesi 43, mapanelo awiri ndi batire lalikulu. Magetsi azime asazime ine sizindikhudza. Liverpool ikunyamula chikho patatha zaka 30 ndinaonera nditakhala pampando wanga, madzi ozizira pambali. Zonse pamodzi zinandidyera pafupifupi K600,000 koma sindidandaula ngakhale pang'ono.

Kabaza pa Boma: Munthu wafunsa za K70,000 inu mukuyankha za K600,000

Maule Dwangwa: Mwezi watha munati K450,000 bwana

Bwana Sola: Pamenepo ndinali ndisanawerengere batire.

Madala a Wailesi: Ana inu mumakonda kudzivutitsa. Wailesi yanga ndinagula K4,500, mabatire awiri amandifikitsa sabata ziwiri. Mpira wa Super League ndimaumva wonse, woulutsa amakuuza amene wagwira mpira, amene wagwa, amene wapatsidwa khadi. Tinkamvera chonchi kalekale Bullets ndi Wanderers zikakumana ku Blantyre, mudzi wonse titazungulira wailesi imodzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe amene ankati sanaone mpira. Mwana wanga, ndalama ya mpunga ibwerere kumunda. Gula feteleza.

Mlimi wa ku Bua: Zikomo madala, koma wailesi ndili nayo kale. Ine ndikufuna kuona ndi maso. Woulutsa akati goloboyi wauluka, ndikufuna ndione mmene waulukira.

Mphunzitsi ku Benga: Ndiyankhe monga munthu amene ndakhala ndikuonera pa foni chiyambire masukulu atatsekedwa mu Malichi 2020. Choyamba, foni ndi K70,000 lero, koma bandulo ndi ya sabata iliyonse. Masewero amodzi, mphindi 90 kuphatikiza zokamba za pa hafu, amandidyera pafupifupi 1GB ndikafuna chithunzi chooneka bwino. Ukachepetsa kuti usunge bandulo, osewera amaoneka ngati nyerere, nambala ya pa jezi osaiona, mpira weniweniwo umasowa ukamenyedwa m'mwamba. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandipweteka kwambiri, chithunzi chimachedwa. Aneba anga ali ndi wailesi ngati ya madalawa. Iwo amayamba kukuwa kuti chalowa, ine pa foni mpira udakali pakati pa bwalo. Ndimakhala ndikudikira chigoli chimene ndikuchidziwa kale. Kukoma kwa mpira n'kusadziwa chimene chichitike, ndiye ukadziwiratu watsala ndi chiyani? Komanso si masewero onse a kuno amene amaonetsedwa. A matimu akuluakulu mumawapeza, koma ena mumangodikira zotsatira.

Kabaza pa Boma: 1GB yachani? Ine 500MB imandikwana mpaka kutha

Mphunzitsi ku Benga: Ndiye mumaonera nyerere zomwe ndikunenazo.

Kabaza pa Boma: Nyerere zikagoletsa ndimaona

Maule Dwangwa: Aphunzitsi anena zoona pa kuchedwa. Koma kwa ine vuto si limenelo. Ine ndimakhala kufupi ndi Chitowe, Mafco ikamasewera pakhomo ndinkapita wapansi. Mpira wa pabwalo umayamba m'mawa, anthu akutsika m'malole kuchokera ku Salima, ena ku Nkhotakota, ng'oma, mavuvuzela, fungo la kanyenya. Umatha kumukuwira woyimbira iye n'kutembenuka. Wosewera akatopa mumamudzutsa ndi nyimbo, ndipo mumaona ndithu kuti wadzuka. Pa foni ukuwira ndani? Anzathu a ku England anafika poika phokoso la masapota lojambulidwa kale kuti pa TV pamveke ngati pali anthu, chonsecho mipando ili mbee. Zinandimvetsa chisoni. Ngakhale iwo eni ake anaona kuti mpira wopanda anthu ndi ndiwo zopanda mchere.

Mayi a Zitumbuwa: Inu mukukangana za kuonera. Ine pageti paja ndi pamene ndinkapezera sopo ndi fizi ya mwana. Tsiku la masewero akuluakulu beseni limatha hafu isanakwane, ndimatuma mtsikana kukatenga lina. Pano ndimayenda nalo mpaka madzulo. Aliyense akagula foni n'kumaonera kunyumba, akadzatsegula mudzabweranso?

Maule Dwangwa: Tidzabwera mayi, musadandaule. Ine ndidzakhala woyamba pamzere.

Noma Weniweni: Atsegule basi. M'misika anthu ali thithithi, m'maminibasi timakhala moyandikana, koma bwalo lopanda denga, mphepo ikuwomba, ndiye loopsa?

Nesi Wathu: Achimwene, apo ndiye ayi. Mu Januwale tinaona ndi maso athu. Nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, pa 12, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anthu oti chithandizo sichikanawasowa. Pabwalo simukhala chete ngati mu minibasi. Mumakuwa, mumaimba, chigoli chikalowa mumakumbatira munthu amene simukumudziwa, masiki ali pachibwano. Pageti mumapanikizana. Inenso mpira ndimaukonda, Silver ndi timu yanga kuyambira ndili mwana, koma ndingakonde kuonera nyerere pa foni kusiyana n'kuona zimene ndinaona mwezi umene uja. Katemera anabwera mu Malichi. Amene mukufuna zipata zitsegulidwe msanga, kabayitseni.

Noma Weniweni: Ndamva asisi. Koma K8,000 yanga ija ndiye yapita.

Adimini: Za katemera tikambe tsiku lina chonde, pajatu tinagwirizana. Tibwerere ku funso la foni.

Kabaza pa Boma: Njira yotchipa ilipo. Vidiyo sho ya kuseri kwa msika, K200 masewero amodzi, jenereta ilipo

Mphunzitsi ku Benga: K200 liti? Kwathu kuno ndi K100.

Kabaza pa Boma: Ya K100 ndi ya mafilimu. Mpira ndi K200, ikakhala Champions League K300

Nesi Wathu: Kachipinda kopanda mawindo, anthu makumi asanu, chitseko chotseka. Bola kubwalo komwe.

Bwana Sola: Amene akufuna abwere kwanga, malo alipo. Koma anthu asanu okha, ndipo nsapato panja.

Madala a Wailesi: Werengera bwino mwana wanga. Kuchoka ku Bua kupita ku Dwangwa n'kubwerera, kulipira pageti, kachakudya pang'ono, sungapitirire K4,000. Pa K70,000 ndi maulendo angati amenewo? Ligi yonse ya pakhomo imatha ndalama isanathe.

Maule Dwangwa: K4,000 inali kale madala. Chichepetsereni anthu m'galimoto, thiransipoti inakwera ndipo sinatsikenso bwinobwino.

Mphunzitsi ku Benga: Komabe tinene chilungamo, pali mpira wina umene ngakhale atatsegula zipata zonse sitingapiteko. AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, ili ku Cameroon mu Januwale 2022, ndipo Flames ikupita. Flames inapitako komaliza mu 2010 ku Angola. Ndani pagulu pano adzakwere ndege? Pamenepo foni kapena TV ndiye bwalo lathu. Ngati mugule, gulirani zimenezo, osati kuti ilowe m'malo mwa Chitowe. Ndipo muyese kaye netiweki kunyumba kwanu ndi foni ya mnzanu musanapereke ndalama. Kwathu kuno ndimachita kukaima pachulu.

Mlimi wa ku Bua: Apa ndiye mwandisokoneza zenizeni. Za Cameroon sindinaziganize. Netiweki kwathu imagwira bwino kumsewu, kunyumba imabwera n'kumapita.

Noma Weniweni: Mukagula musatumize ndalama kwa aliyense wa linki. Aliyense.

Kabaza pa Boma: Ndipo K70,000 yachuluka. Yanga ndinagula K45,000

Bwana Sola: Ya K45,000 batire lake silifika hafu.

Mlimi wa ku Bua: Mnyamata uja wangondiimbira, akuti nditenge pa K62,000 koma chaja ndikagule ndekha, ndipo pali wina akuifunanso mawa. Aphunzitsi, Loweruka mudzakhalapo? Ndikufuna ndidzaone kaye pa yanu mmene zimaonekera.

Mphunzitsi ku Benga: Bwerani, koma bandulo mugule inu.

Mayi a Zitumbuwa: Mundiuze chulu chake n'chiti, ndibwere ndi beseni.