Hotela yotsika mtengo ku Istanbul: tigone dera liti, ndipo tiyang'ane chiyani tisanalipire?

Mlendo Watsopano analemba:

Moni kwa nonse. Ine ndi mng'ono wanga tikukonzekera ulendo wopita ku Istanbul mwezi wa January kukapikula zovala, ndipo tonse awiri aka n'koyamba kupita ku Turkey. Ndalama zambiri zimene tasonkhanitsa tikufuna zipite ku katundu, choncho pa malo ogona tikufuna kuwononga zochepa ndithu. Vuto n'lakuti pa intaneti ndikupeza mahotela ochuluka kwambiri, ena ku Sultanahmet, ena ku Laleli ndi Aksaray, ena ku Taksim, ndipo zithunzi zawo zonse n'zokongola mofanana. Ndikupempha amene munagonako m'mahotela oterewa kuti mundiuze dera loyenera amayi awiri okagula katundu, zimene chipinda chotchipa chimakhala nacho ndi zimene chimasowa, komanso ngati kuli bwino kulipiriratu masiku onse tisananyamuke. Mnzanga wina wandiuzanso kuti kuchita lendi nyumba ya munthu kwa masiku ochepa kumatchipa kuposa hotela. Kodi zimenezi n'zoona?

Wakale pa Ulendo analemba:

Zikomo mayi. Popeza ulendo wanu ndi wa katundu, ine sindingakuuzeni dera lina koma Laleli kapena misewu yoyandikana nayo, kuyambira ku Beyazıt kutsikira ku Aksaray. Masitolo opikulitsa zovala ali pomwepo, ena m'munsi mwa nyumba zomwezo zimene pamwamba pake pali mahotela, ndipo makampani otumiza katundu kunja nawonso ali m'misewu imeneyo. Phindu la kugona pafupi mudzaliona masana, manja atatopa ndi majumbo, chifukwa mumangoyenda mphindi zochepa kukasiya katundu m'chipinda n'kubwereranso kukapitiriza kusankha. Eni masitolo ambiri amavomeranso kutuma mnyamata wawo kukakusiyirani mtolo pa hotela ngati ili pafupi. Wogona kutali amakwera takisi tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama imene anapulumutsa pa chipinda imathera panjira.

Mayendedwe kumeneko si ovuta. Tramu (sitima yamagetsi yoyenda mumsewu) ya T1, yoyenda pakati pa Kabataş ndi Bağcılar, imaima pa Laleli penipeni, ndipo siteshoni yachitatu kuchokera pamenepo ndi Sultanahmet, moti mukafuna kukaona mzikiti wotchuka wa Hagia Sophia tsiku lopuma palibe chifukwa chogonera pafupi nayo pa mtengo wa alendo okaona malo. Mukafuna kuonanso masitolo a ku Merter, sitima ya M1A imadutsa kumeneko kuchokera ku Aksaray, ndipo ya M2 imakufikitsani ku Osmanbey kuchokera ku Vezneciler. Ku Taksim n'kokongola, koma misewu yambiri ya m'mbali ndi yotsetsereka, kukokapo sutikesi yolemera n'kowawa, ndipo phokoso la m'malo achisangalalo limatha usiku kwambiri.

Tsopano za chipindacho. Zithunzi musazikhulupirire kwenikweni, chifukwa hotela imajambula chipinda chake chabwino koposa, pamene mtengo wotsikitsitsa umene mwauonawo ndi wa chipinda china. Nyumba zambiri za m'dera limeneli n'zopapatiza koma zazitali, ndipo zipinda zotchipa zimakhala kumbuyo kapena pansi penipeni, mopanda zenera, kapena muli kazenera koyang'ana khoma la nyumba ina loti mungalikhudze ndi dzanja. Chipinda china chimene ndinasonyezedwa chinali ndi mabedi awiri ang'onoang'ono ndi kampata koti munthu adutse chammbali, moti sutikesi inayenera kutsegulidwira pabedi. Shawa inali pamwamba pa chimbudzi popanda chotchinga, ndipo munthu akasamba pansi ponse pankanyowa mpaka pakhomo. Kwa munthu wongogona zimenezi n'zopiririka, koma kwa amayi awiri amene madzulo aliwonse akuwonjezera mitolo, malo oika katundu ndi nkhani yaikulu. Funsani ngati ali ndi chipinda chosungiramo katundu wa alendo, ndiponso amene amasunga kiyi wake.

Musanapereke ndalama, pemphani kuti mukachione chipindacho. Pempho limeneli si lachilendo kumeneko, ndipo wolandira alendo akalikana ndi bwino kukafunsa pena. Mukalowa, tukulani ngodya ya matiresi muyang'ane m'misoko ngati muli timadontho takuda, chizindikiro cha nsikidzi. Tsegulani mpopi wa madzi otentha mudikire pang'ono. Gwirani chitsulo chotenthetsera chipinda chimene chimakhala cha pansi pa zenera, chifukwa mu January ku Istanbul kumazizira kwambiri, kumagwa mvula ndipo nthawi zina chipale chofewa, pomwe mahotela ena otchipa amayatsa zotenthetsera madzulo okha. Nunkhizani makatani, pakuti anthu ambiri kumeneko amasuta, ndipo fungo la fodya likalowa m'zovala zatsopano limavuta kuchoka. Chikepe nacho chioneni ndi maso anu. China chimakwana anthu awiri okha opanda katundu, ndipo china chimayambira pamwamba pa masitepe.

Pa za kulipira, ine ndimasungitsa usiku woyamba wokha, ndipo chipinda chikandisangalatsa ndimanenerera mtengo wa masiku otsalawo pomwepo. January si nyengo ya alendo ambiri, choncho eni ake amatsitsako, makamaka mukamalipira ndalama pamanja. Lisiti musalisiye.

Wophunzira wa ku Fatih analemba:

Mayi, zimene anena achemwali pamwambapa n'zoona, koma pa mfundo yosungitsa usiku umodzi wokha ndikusiyana nawo pang'ono. Kuyambira mu March 2017, khothi litagamula mlandu umene linasuma bungwe la makampani a zamaulendo la TÜRSAB, munthu amene ali mkati mwa Turkey sangasungitse hotela ya m'dzikomo kudzera pa Booking.com, ngakhale kuti amene ali kunja amatha. Mukafika n'kupeza kuti chipinda sichikukusangalatsani, musaganize kuti mungotsegula foni n'kupeza china pa tsamba lomwelo. Mudzafunika tsamba lina, kapena kuyenda khomo ndi khomo mvula ikukuvumbani. Achemwaliwa misewu akuidziwa, inu simunaidziwe. Ine ndikanakhala inu ndikanasungitsa masiku onse pa hotela yolola kulipira pofika, n'kuilembera uthenga wofunsa ngati ingalole kufupikitsa masikuwo popanda chindapusa, ndipo yankho lake ndikanalisunga pa foni. Kalata yosonyeza kumene mukagone ndi yothandizanso ngati a zolowa ndi kutuluka m'dziko atakufunsani pa bwalo la ndege.

Pofika adzakupemphani mapasipoti a nonse awiri, osati ya wolipira yekha. Musadabwe, chifukwa lamulo nambala 1774 la mu 1973 limakakamiza malo onse ogona alendo kudziwitsa apolisi za munthu aliyense wogona pamalopo. Akalemba kapena kujambula ayenera kukubwezerani, ndipo musalole kuti pasipoti yanu itsale ngati chikole cha ndalama za chipinda.

Za nyumba ya lendi, mnzanuyo mwina akunena za kale. Kuyambira pa 1 January 2024, lamulo nambala 7464 likufuna kuti aliyense wochititsa lendi nyumba kwa masiku osapitirira 100 akhale ndi chilolezo cha Unduna wa Zachikhalidwe ndi Zokopa Alendo, apachike chikwangwani chake pakhomo, ndipo ngati ili m'nyumba yosanja, eni nyumba anzake onse avomereze. Nyumba yotchipa modabwitsa ikhoza kukhala yopanda chilolezocho. Ngakhale itakhala nacho, palibe wolandira alendo woti akulandirireni mtolo wochokera kusitolo inu muli kwina, ndipo kwa wopikula katundu chimenechi chokha n'chokwanira kusankha hotela.

Pa ndalama samalani zinthu izi. Mitengo ya zinthu ku Turkey yakhala ikukwera mofulumira, moti boma lenileni linalengeza kuti mu October 2022 inali itakwera ndi 85 peresenti pa chaka, choncho mtengo wa m'malira (ndalama ya ku Turkey) umene wina anakuuzani atapitako zaka zapitazo ulibenso ntchito. N'chifukwa chake mahotela ambiri amalemba mitengo m'mayuro. Funsani ngati mukalipira m'mayuro kapena m'malira, ndipo ngati ndi m'malira, akusinthirani pa mtengo wanji, chifukwa pamenepa ndi pamene chipinda chotchipa chimadulira mwakachetechete. Funsaninso ngati mtengowo ukuphatikizapo misonkho yonse, kuphatikizapo wa malo ogona umene unayamba pa 1 January 2023 uli pa 2 peresenti. Pa bwalo la ndege sinthani ndalama zochepa zoyendera zokha. Malo osinthira ndalama a m'tauni, makamaka cha ku msika waukulu wa Kapalıçarşı, amapereka bwinoko.

Chomaliza, misewu ina ya ku Aksaray imasintha kukada, chifukwa cha malo omwera ndi ovinira. Sankhani hotela ya pafupi ndi msewu waukulu wa tramu, yokhala ndi munthu pamalo olandirira alendo usiku wonse, ndipo powerenga ndemanga za amene anagonapo yambani ndi zatsopano, makamaka zolembedwa ndi amayi ndi mabanja.

Bambo Woyendayenda analemba:

Ndiwonjezere mfundo ya moto, imene ambiri sitiiganizira tikamawerengera mitengo. Pa 21 January 2025 moto unabuka usiku pa hotela ina ya ku Kartalkaya, m'chigawo cha Bolu, ndipo anthu 78 anamwalira. Imeneyo sinali hotela yotchipa ayi, koma ngati zinatheka kumeneko, nyumba yopapatiza yokhala ndi masitepe amodzi okha iyenera kutiganizitsa. Mukalandira kiyi, mayi, tsikani masitepewo wapansi kamodzi mpaka panja, muone ngati chitseko chotulukira pangozi chikutseguka ndiponso ngati panjira sanaunjikepo mitolo ya alendo anzanu, zimene zimachitika m'mahotela a amalonda. Ine ndimakonda chipinda cha pa nsanjika yachiwiri kapena yachitatu, ngakhale phokoso la msewu lizimveka. Nambala ya pangozi m'dziko lonselo ndi 112.

Chakudya cha m'mawa chikakhala mkati mwa mtengo, chilandireni, koma dziwani kuti chimakhala buledi, tchizi choyera chamchere, maolivi, tomato, nkhaka, dzira lowiritsa, jamu kapena uchi, ndi tiyi wopanda mkaka wa m'timatambula ta galasi. Chimakhala chomwecho m'mawa uliwonse. Madzi akumwa gulani a m'mabotolo aakulu m'sitolo ya m'misewu ya kumbuyo, monga amachitira eni dziko ambiri, osati a mufiriji ya m'chipinda. Masoketi a magetsi ndi a mabowo awiri ozungulira, choncho tengani cholumikizira choyenera pulagi ya foni yanu. M'nyumba zina zakale mapaipi ndi ang'onoang'ono, ndipo mukaona kabini pambali pa chimbudzi ndi chikwangwani, ndiye kuti mapepala ayenera kupita m'menemo.

Mizikiti ili paliponse m'dera limenelo ndipo kuitanira mapemphero kumamveka pa zokuzira mawu kasanu pa tsiku. Mu January sikungakusowetseni tulo kwenikweni, chifukwa kumacha mochedwa, dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko.

Mlendo Watsopano analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, ndipo nkhani ya nyumba ya lendi ndaisiya. Ndatsala ndi mafunso awiri. Ndege yathu ikafika m'bandakucha, nanga tikatani ngati chipinda sichinakonzedwe? Chachiwiri, ndapeza hotela ku Kadıköy yooneka yaukhondo kwambiri, yokhala ndi zenera lalikulu, pa mtengo wofanana ndi wa zipinda zopanikizika za ku Laleli. Kodi n'kutali kwambiri moti sitingamachokere kumeneko?

Wakale pa Ulendo analemba:

Mayi, ku Kadıköy ndi kutsidya la Asia, pomwe Laleli ili kumbali ya Ulaya. Kufika ku Laleli n'kotheka, kaya pa boti lopita ku Eminönü kenako tramu ya T1, kaya pa sitima ya Marmaray imene kuyambira 2013 imadutsa pansi pa nyanja ya Bosphorus, n'kutsikira pa Yenikapı. M'mawa, manja ali opanda kanthu, ulendowo ndi wosangalatsa ndithu. Madzulo, ndi majumbo akuluakulu, pakati pa khamu la anthu oweruka kuntchito, mudzaukumbuka mpata wopanikizika uja, ndipo palibe mwini sitolo amene angatume mnyamata wake kuoloka nyanja ndi mtolo wanu. Ngati mwaikonda hotelayo, kagoneniko kumapeto kwa ulendo, katundu mutapereka kale kwa otumiza.

Mahotela ambiri amapereka chipinda cha m'ma 2 koloko masana ndipo amafuna kuti mutuluke pofika 12 koloko. Alembereni nthawi imene ndege yanu ikafike. Chipinda chikakhala chopanda munthu ena amakulowetsani msanga, kwaulere kapena ndi kandalama kowonjezera, ndipo chikapanda kutero amakusungirani masutikesi inu n'kukamwa tiyi. Mukafuna kutsimikiza kuti mukagona mukangofika, palibe njira ina koma kulipira usiku wa dzulo lake.

Yang'ananinso pa tikiti yanu bwalo limene mukatere, chifukwa mabwalo alipo awiri ndipo ali motalikirana. Ngati palembedwa IST, ndi bwalo lalikulu latsopano la kumpoto, kumbali ya Ulaya, ndipo basi ya Havaist yopita ku Aksaray idzakusiyani pafupi ndi hotela. Ngati palembedwa SAW, ndi Sabiha Gökçen, kutsidya la Asia, ndipo ulendo wake wopita ku Laleli ndi wosinthasintha zokwera. Pokonza masiku ogona kumbukirani kuti Lamlungu msika wa Kapalıçarşı umatsekedwa, monganso masitolo ambiri opikulitsa, choncho mukafika Loweruka madzulo mudzalipira usiku uwiri musanagule kanthu.