Thandizeni amene mumaweta mahatchi pa Howrse

Abale anzanga muli bwanji, ine ndili kuno ku Bembeke, ndayamba kusewera Howrse, gemu yoweta mahatchi ya pa intaneti, pa foni ndiye ndikufuna nzeru kwa inu akale. Cholinga changa nkuyambitsa khola la Akhal-Teke, mahatchi aja a ku Turkmenistan a ubweya wonyezimira ngati awadzoza mafuta, koma ndikufuna kuyambira pansi penipeni osati kugula okhwima kale kumsika, mitengo yake ya ma Equus (ndalama za mu gemuyi) ndi yoboola m'thumba.

Pano ndili ndi yaikazi imodzi ndi mphongo imodzi. Funso langa lili pa BLUP, nambala yosonyeza ubwino wa hatchi ngati kholo. Ndikudziwa kuti imayambira -100 kukafika 100, ndipo kuti ifike 100 hatchi ikhale ndi zaka 10, ipambane mipikisano 20 komanso imalize maluso ake atatu apamwamba. Nde ndidikire zonsezi ndisanakwatitse, kapena ndingokwatitsa ikangokwana zaka 2 ndi theka kuti ana achuluke msanga? Mtima wanga ukuti ndidikire chifukwa mwana wa makolo a BLUP yotsika amabadwa wofooka, koma ma aging point okulitsira hatchi msanga ndilibe okwanira, komanso netiweki kuno madzulo imavuta heve, mpaka ndimachita kukwera kachulu ka kuseri kwa nyumba kuzizira kuli tswa kuti ndingodyetsa hatchi ndi kuigoneka.

China, kuphatikiza ndi Marwari ija ya ku India ya makutu opindikira mkati kungaononge mtundu? Ndipo timahatchi tosafunika mumagulitsa kapena mumasunga? Pass (ndalama ina ya mu gemu yogula ndi ndalama zenizeni) sindingagule ayi, ya bando yokha ikundivuta kale.