Green card yanga ya zaka ziwiri ikutha mu Novembala, amuna anga akukana kusaina I-751

Admin ndibiseni dzina chonde.

Abale anga, makamaka inu muli ku America kuno, ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndili ku Indiana. Ndinakwatiwa ndi Mmalawi mnzathu amene anatenga kale citizenship ya kuno. Ukwati tinamangitsa ku khoti, chinkhoswe chinachitikira kumudzi ife tikuonera pa foni, ankhoswe a mbali zonse alipo. Pomwe green card imatuluka n'kuti banja lathu lisanakwane zaka ziwiri, ndiye anandipatsa khadi yongoyembekezera ya zaka ziwiri, imene amati conditional, yolembedwa CR6. Ikutha pa 14 Novembala. Ndawerenga pa kalendala ya pa firiji kubwerera m'mbuyo masiku 90, ndapeza kuti nthawi yotumiza fomu ya I-751, yopempha khadi ya zaka 10 imene imatumizidwa m'masiku 90 omaliza khadi isanathe, ikuyamba pa 16 Ogasiti.

Vuto ndi lakuti bambowa anachoka pakhomo mu Meyi. Anatenga zovala zawo ndi galimoto, pano akukhala ndi mkazi wina m'tauni momwe muno. Mwana wathu wa chaka ndi miyezi iwiri anandisiyira. Sabata yatha ndinawaimbira kuti tisaine fomuyi limodzi, anandiyankha kuti mapepalawo anandipatsa ndi iwo, ndipo akhoza kundilanda tsiku lililonse atafuna. Ankhoswe ayesa kuwaimbira kuchokera kumudzi, foni sakuyankha.

Ukwati sunathe ku khoti, palibe amene wakasuma. Ine ndimagwira ntchito ya CNA (yothandizira anamwino) usiku, ndikaweruka m'mawa ndimangokhala pa mpando khadi ija ili m'manja, kuyang'ana tsiku lija. Kodi fomuyi ndingatumize ndekha? Ndiyambe ndine za divorce kapena ndidikire mwina mtima wawo ubwerera? Nanga tsiku lija likadutsa ndisanatumize kanthu, ntchito yanga ndi mwana wanga zikhala bwanji?

Mayi wa ana atatu, Maryland:
Pepani achemwali. Choyamba pukutani misozi, chifukwa zoti angakulandeni mapepala ndi bodza. Mwamuna alibe mphamvu yolanda green card ya munthu. Amene amagamula ndi a USCIS, ofesi ya boma yoona za immigration, ndipo ngakhale iwo atakana, nkhani imapita kwa woweruza wa za immigration kumene mumakafotokozanso mbali yanu. Chimene bambowo angachite ndi kukana kusaina basi. Lamulo linaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake pa fomu yomweyo pali malo opempha waiver, kutanthauza kuti mukutumiza nokha. Zifukwa zake: ukwati unali weniweni koma watha ku khoti, kapena mwamuna wamwalira, kapena ankakuchitani nkhanza, kapena kubwezedwa kwanu kungakuikeni pa mavuto aakulu zedi.

Bambo wina, Texas:
Ine ndikuona ngati mwafulumira kutaya mtima, mayi. Banja ndi kupirira. Anyengerereni asaine kaye, muziuza a immigration kuti mukukhala limodzi, khadi ya zaka 10 ikatuluka ndiye muone zochita. Ambiri anadutsa choncho.

Mayi wa ana atatu, Maryland:
Ayi achimwene, apa musawasocheretse. Fomu imeneyi munthu amasaina molumbira kuti zonse walembazo n'zoona. Akalemba kuti akukhala nyumba imodzi pomwe bambowo laisensi ndi makalata awo zikupita kwina, tsiku la interview adzawafunsa aliyense payekha ndipo zidzaonekera. Nkhani yoyera idzasanduka ya chinyengo, ndipo imeneyo imakutsata mpaka pa citizenship. Kupatukana pakokha sikuletsa kusaina limodzi ngati ukwati sunathe ndipo onse awiri akufuna, koma umanena zoona kuti tikukhala kosiyana. Apa mwamunayo wakana kale, ndiye tikunyengerera chiyani?

Ndinadutsamo, Seattle:
Asisi, ine zinandichitikira, mkazi wanga wakale anali wa konkuno. Ndikuuzeni mmene ndinayendera.

Chimene a USCIS amafuna kudziwa si chakuti banja linatha chifukwa cha ndani. Amafuna kuona ngati tsiku lomwe munkakwatirana munkafunadi banja, osati mapepala. Lamulo la khadi ya zaka ziwirili linabwera mu 1986 pofuna kugwira maukwati ogula, ndiye ntchito yanu yonse ndi kuonetsa kuti lanu silinali lotero. Ine ndinatenga katoni ya nsapato n'kuyamba kuponyamo chilichonse chokhala ndi maina athu awiri: lease (pangano la lendi) ya nyumba, ma statement a ku banki mwezi ndi mwezi, inshuwalansi ya galimoto ndi ya chipatala, mabilu a magetsi, ma transcript a msonkho ochokera ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, oonetsa kuti tinkalemba limodzi. Inu muli ndi choposa zonsezi, satifiketi ya kubadwa kwa mwana yokhala ndi dzina la bambo ake. Ikani pamwamba.

Zithunzi za chinkhoswe musazipeputse. Lembani kuseri kapena pansi pake kuti uyu ndi ndani, linali liti, kunali kuti, ndipo mufotokoze kuti nkhoswe ndi ndani pa chikhalidwe chathu, chifukwa wowerenga fayilo yanu sazidziwa. Mauthenga a pa WhatsApp amene ankhoswe ankayesa kukuyanjanitsani ndi umboni wamphamvu kuti munalimbana nalo banjali. Koma chilichonse cha m'Chichewa chimasuliridwe m'Chingerezi chonse, womasulirayo asaine kuti amadziwa zilankhulo ziwirizi ndipo wamasulira molondola. Pezaninso anthu osachepera awiri okudziwani nonse, kaya a ku tchalitchi kaya anansi, alembe ma affidavit, makalata a umboni olumbirira. Ndipo lembani kalata yanuyanu, kuyambira mmene munakumanirana mpaka tsiku lomwe anatulutsa zikwama. Ine yanga ndinailemba usiku utatu ndikulira, koma pa interview ofisala anaitsegula imeneyo poyamba.

Mulowe mu akaunti ya ku banki lero lomwe mukopere ma statement onse, amuna anu asanakutsekereni.

Wofunsa:
Zikomo achimwene, lease ndi misonkho ya zaka ziwiri ndili nazo. Koma divorce sinayambe n'komwe. Waiver imeneyo andilandira bwanji popanda chikalata cha ku khoti?

Ndinadutsamo, Seattle:
Apo ndiye pofunika kuwerenga masiku bwino. Waiver ya ukwati wotha imavomerezedwa pokhapokha chigamulo chomaliza cha khoti chilipo. Koma mukhoza kutumiza I-751 mlandu uli m'kati, n'kuikamo umboni woti mwasuma. A USCIS amadzakutumizirani kalata yotchedwa RFE yopempha chigamulocho, ndipo amapereka masiku 87. Ku Indiana khoti silithetsa ukwati masiku 60 asanakwane chisumireni, ndipo pakakhala kukanganirana mwana zimatalika kuposa apo. Ndiye ngati mwatsimikiza mumtima kuti banja latha, kuchedwa kusuma kukupwetekani inuyo. Chosankhacho ndi chanu, ife sitingakuthetsereni banja. Chachikulu, pa 14 Novembala pasadutse musanatumize kanthu, chifukwa status yanu, chilolezo chokhala kuno, imatha yokha ndipo akhoza kukuitanirani ku khoti la immigration.

Namwino, Indianapolis:
Za ntchito musade nkhawa. A USCIS akalandira fomu amakutumizirani risiti, I-797, imene imawonjezera khadi yanu ndi miyezi 48. Muziisunga pamodzi ndi khadi yakuthayo, ziwirizi ndi zimene zimaonetsa kuti ndinu ololedwa kukhala ndi kugwira ntchito. Malipiro anali $750 kuyambira mu Epulo 2024, koma muone pa webusaiti ya USCIS tsiku lotumizalo. Mukasamuka nyumba, muwadziwitse pasanathe masiku 10 kudzera pa fomu ya AR-11 yosinthira adiresi, anthu ambiri RFE imawaphonya chifukwa cha adiresi yakale.

Koma ndikufunseni ngati mlongo wanu. Mawu aja oti ndikulanda mapepala anayamba liti? Nkhanza pa lamuloli si kumenya kokha. Kuopseza, kukutsekerani ndalama, kukuletsani kucheza ndi anthu, zonsezi loya amaziyang'ana. Waiver ya nkhanza sidikira divorce, ilibe malipiro, ndipo munthu akhoza kupempha pa zifukwa zingapo pa fomu imodzi. Musanene zimene sizinachitike, koma musabisenso zimene zinachitika chifukwa cha manyazi. Pitani kwa loya wa immigration weniweni, kapena ku mabungwe ngati Catholic Charities amene amathandiza pa mtengo wotsika. Anthu ongodzaza mafomu m'nyumba aja apeweni.

Mayi wa ana atatu, Maryland:
Ndiwonjezere ziwiri. Bambowo anasaina fomu ya I-864 pokutengerani green card, kulonjeza boma kuti adzakusamalani, ndipo divorce siithetsa lonjezo limenelo. Mumuuze loya wanu, pamodzi ndi nkhani ya child support, ndalama zothandizira kulera mwana. Chinanso, kupempha citizenship pakangotha zaka zitatu muli ndi green card ndi kwa amene akukhalabe ndi mwamuna kapena mkazi wawo nzika, kapena amene waiver yawo ya nkhanza yavomerezedwa. Kupanda apo mudzadikira zisanu, koma ziwiri mwakhala kalezi zikuwerengedwa.

Wofunsa:
Mulungu akudalitseni nonse. Anamwino, funso lanu landikhudza. Sanandimenyepo, koma mawu amenewo anayamba ndili ndi pakati, ndipo khadi yanga ya ku banki ankasunga ndi iwo mpaka nditayamba ntchito. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga. Ma statement ndakopera onse m'mawa uno, ndipo ndapeza nthawi yokaonana ndi loya Lachinayi. Ndikanena zonse. Amene munamasulitsapo mauthenga a Chichewa, munapereka onse kapena munasankha okhawo a ankhoswe? Anga ndi ambiri, ena ndi ma voice note.