Tikupita ku Gold Reef City ndi ana, pa za kamera ndigule chiyani ndipo ndisiye chiyani?

Mayi wa ku Chilomoni (wofunsa):
Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Mu Disembala sukulu zikatsekera tikupita ku Joni kukaona achemwali anga, ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu. Woyamba ali ndi zaka 13, wachiwiri 9, chitsirizira zaka 4. Achemwaliwo analonjeza anawa kuti akawatengera ku Gold Reef City, paki ya zokwera zosangalatsa, ndiye m'nyumba muno nkhani ina kulibe.

Ndili ndi Canon 600D yomwe ndinagula kwa munthu wina amene ankasiya zojambula maukwati. Inabwera ndi malenzi awiri, 18-55mm ndi 75-300mm, batire imodzi yokha. Ndimajambulira kutchalitchi ndi pazinkhoswe za pachibale, pa Auto basi. Foni yanga ndi Samsung ya ma A awa, masana imayesetsa koma kukangoda zithunzi zimatuluka mbuu.

Bambo akuti kamera itsale, foni ikwana. Mnyamata wamkuluyu akuti tigule GoPro, kakamera kakang'ono kamavidiyo kovala pathupi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule lenzi ya 50mm f/1.8 kuti kumbuyo kwa munthu kuzioneka kosungunuka. Banki m'khonde yathu tigawana mu Novembala, koma ndalamayo ingakwane chinthu chimodzi chokha. Inu amene mumadziwa, ndipange bwanji?

Wojambula maukwati wa ku Ndirande:
Mayi, ndalamayo igwireni kaye. Kamera muli nayo kale, ndipo 600D ngakhale inatuluka mu 2011 ili ndi ma megapixel 18, chithunzi chake mutha kuchapitsa chachikulu chopachika pabalaza osaona vuto.

Ya 50mm ija ndi lenzi yabwino, ine ndimadyera yomweyo, koma ku malo amene mukupitawo ikusowetsani mtendere. Sensa ya 600D, kachipangizo ka mkati kolandira chithunzi, ndi yaing'ono, ndiye namba ya lenzi iliyonse mumaichulukitsa ndi 1.6. Apo 50mm imakhala ngati 80mm. Kuti ana atatu ndi bambo awo alowe onse m'chithunzi muyenera kubwerera m'mbuyo masitepe angapo, ndiye pamalo podzaza anthu mukangosiya mpata anthu ayamba kudutsa pakati panu ndi anawo. Pamzere ndiye musayerekeze, mudzajambula khutu la mwana lokha.

Mangani 18-55mm pakamerapo m'mawa, musaichotse mpaka madzulo. Pa 18 mumatenga banja lonse ndi chinthu chomwe akwerecho kumbuyo kwawo, pa 55 mumatenga nkhope ya mwana akunyambita ayisikirimu. Ya 75-300mm itsale ku Chilomoni. Imalemera magalamu 480, pafupifupi ngati kamera yeniyeniyo, ndipo mukaikoka mpaka kumapeto imafuna kuwala kwambiri ndi manja osanjenjemera. Komanso kusintha lenzi mutaimirira pagulu, dzanja lina lili ndi mwana wa zaka 4, ndi mmene malenzi amagwera pansi.

Chogula ndi batire yachiwiri, LP-E8. A Canon amati imodzi imajambula zithunzi pafupifupi 440 ikakhala yatsopano. Yanuyo yadya maukwati angati? Mukayamba kutenga mavidiyo komanso kuonetsa ana chithunzi chilichonse pasikirini, nkhomaliro isanakwane ikhala yatha.

Bambo wa ku Limbe:
Achimwene a ku Ndirande, apo pa lenzi yaitali ndakana. Mwana akakwera zinthu zija ali m'mwamba kutali, ndi 55mm mumuona ngati kadontho. Nkhope ija akukuwa atatseka maso ndiye chithunzi chimene azidzaseka nacho atakula. Mayi nyamulani zonse, bambo alipo oti anyamule chikwama.

Wojambula maukwati wa ku Ndirande:
Akulu, yesani kutsata chinthu chothamanga chokhotakhota pa 300mm muone ngati mungachipeze n'komwe m'kamera. Ine ntchito yanga ndi yomweyi koma zambiri zimatuluka njanji zokhazokha. Njira yake ndi kuima pamene kasitima kamene ana akwerako kamatsika pafupi ndi pansi kapena pamene kamaima, n'kudikira kabwere kokha. Pamenepo 55mm imafika.

Mayi, chokani pa Auto pa zinthu zothamangazo. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba kafike pa Tv, pamene mumasankha nokha liwiro la kujambula, ikani 1/1000 ya sekondi, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) isiyeni pa Auto. Fokasi ikani pa AI Servo kuti izitsata chinthu choyenda, ndipo sankhani kujambula motsatizana. Mukakanikiza batani osachotsa chala, 600D imawombera zithunzi pafupifupi zinayi pa sekondi. Pa khumi, ziwiri zikhala zabwino, zinazo mufufuta. Ana akatsika bwezani kagudumuko pa P, pamene kamera imadzisankhira yokha zambiri.

Mlongo wanu wokhala ku Joni:
Ine ndimakhala kumwera kwa tauni, kufupi ndi komweko. Gold Reef City ili ku Ormonde, anaimanga pa mgodi wakale wa golide umene unatsekedwa mu 1971, ndiye kupatula zokwerazo kuli nyumba zomangidwa mwachikale, zokongola pa zithunzi za banja. Apartheid Museum ili pafupi pomwepo ngati bambo angafune kukaona tsiku lina.

Zoti mudziwe ndi izi. Disembala kuno mmawa kumacha bwinobwino, dzuwa phwee, koma chakumasana mitambo imasonkhana mwadzidzidzi, mabingu, mvula yamphamvu, nthawi zina ndi matalala omwe. 600D si yotchinga madzi. Ikani jumbo yolimba m'chikwama, ndi kathaulo kakang'ono. Zithunzi za banja lonse jambulani mukangolowa, ana asanadzithire sosi pamalaya komanso kumwamba kusanade.

Kuli Raging River Rapids, kumene mumakhala m'chibwato chozungulira ndipo mumatsika mutanyowa. Kuli Anaconda, imene mumakhala miyendo ili lendelende n'kumakuzondotsani. Kumeneko simungakwere kamera ili pakhosi, angakhale foni m'manja. Komanso zokwera zikuluzikulu amayeza msinkhu, ndiye wa zaka 4 uja atsala pansi, ndipo wamkulu mmodzi atsala naye. Amene watsalayo ndiye mwini kamera ndi chikwama. Muzisinthana.

China, masoketi a kuno si ngati a kwathu. Kwathu mapini atatu ndi amakona, kuno ambiri ndi obulungira akuluakulu. Magetsi ndi ofanana, 230V, koma popanda adaputala chaja cha Canon sichilowa. Auzeni achemwali anu akusungireni imodzi, inu mubwere ndi ekisitenshoni ya kwathu kuti mafoni onse ndi batire zizitchajidwa pamodzi usiku.

Mayi wa ku Chilomoni (wofunsa):
Zikomo kwambiri achemwali. Za masoketi sindikanaziganiza n'komwe. Nanga za chitetezo, kamera yoonekera choncho sizivuta?

Mlongo wanu wokhala ku Joni:
Mkati mwa paki anthu amajambula momasuka. Posamala ndi m'misewu ndi pokwerera mateksi. Musatenge chikwama chija cholembedwa Canon, ikani kamera m'kachikwama wamba kakumsana mutaikulunga ndi juzi, muitulutse mukalowa pageti. Mukakhala pansi kuti mudye, lamba wa chikwama akhale m'mwendo mwanu.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Aunt, mwana wanuyo sakunama, GoPro ndi dilu. Kuyambira mtundu wa Hero5 kupita m'tsogolo zambiri zimalowa m'madzi mpaka mamita 10 popanda chikesi, ndiye mukabwerako muzikaigwiritsanso ntchito ku Mangochi kapena ku Cape Maclear. Vidiyo yake siigwedera ngakhale mukuthamanga.

Wojambula maukwati wa ku Ndirande:
Mphwanga, vidiyo inde, pamenepo sindikutsutsa. Koma mayiwa akufuna zithunzi za ana. GoPro imaona motambalala kwambiri, munthu akangotalikira pang'ono nkhope imachepa, ndipo kukada imavutika kuposa foni yawo ija. Batire yake pa vidiyo imatha pakangodutsa ola limodzi ndi pang'ono. Onjezani khadi, chomangira pachifuwa, batire ina, banki m'khonde yonse yapita. Ndiyenso malo otere ali ndi malamulo awo pa zomwe ungakwere nazo. Ku mapaki a Disney analetsa ndodo za selfie mu 2015. Mayi awerenge kaye malamulo pa webusaiti ya pakiyo asanagule chinthu choti chikangogona m'chikwama.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Chabwino bigi, ndagonja theka. Koma aunt musapusitsidwe ndi timakamera totchipa tofanana ndi GoPro tolembedwa 4K pakatoni. Bola mugule kathumba kapulasitiki kotchinga madzi kokhala ndi chingwe cha pakhosi, muikemo foni. Kayeseni kaye kunyumba, ikanimo tishu, mukamize m'ndowa, muone ngati yanyowa.

Mayi wa ku Machinjiri:
Nkhani ya memori khadi musaiiwale. Mchimwene wanga anagula yolembedwa 128GB kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, yotchipa modabwitsa. Anajambulira chinkhoswe chonse, kamera ikuonetsa kuti zonse zili bwino. Kufika pa kompyuta, zithunzi zoyambirira zokha ndiye zinatseguka, zinazo mafayilo opanda kanthu. Makhadi abodzawa mkati mwake amakhala aang'ono, amangonamiza kamera. Mkwatibwi mpaka lero salankhulana naye bwino.

Gulani m'sitolo yopereka lisiti, SanDisk kapena Kingston, ya Class 10. Awiri a 32GB aposa imodzi yaikulu, ina ikavuta ina ilipo. Pali kapulogalamu kaulere ka pa kompyuta, H2testw, kamadzaza khadi yonse n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Chitani zimenezo musananyamuke.

Komanso 600D ilibe WiFi. Ngati mukufuna kutumizira agogo zithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo, pezani kowerengera khadi kolowa ku foni, ka USB-C. Nkotchipa, ndipo madzulo aliwonse mumakhala mwasunga zithunzi malo awiri.

Bambo wina wa ku Nyambadwe:
Pa Chileka kumbukirani kuti mabatire apadera ndi pawabanki saloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, zimayenda m'chikwama cha m'manja. Malire ake ndi 100Wh, ndipo pawabanki ya 20,000mAh ili pa 74Wh, ndiye imadutsa.

Mayi wa ku Chilomoni (wofunsa):
Bambo, ndege ya anthu asanu? Mwatikweza kwambiri. Ife ndi a basi, Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge.

Bambo wina wa ku Nyambadwe:
Pepani mayi, ndinathamanga. Ndiye kamera isalowe kubuti kapena m'ngolo ya katundu, kumene amaponderezako matumba a mpunga ndi nsomba zouma. Ikhale pamiyendo panu, ndipo mukamatsika pachipata kukadinditsa mapasipoti muzitsika nayo. Ku Tete kumatentha koopsa nyengo imeneyo, musaisiye pawindo padzuwa. Anawo muwauziretu kuti pazipata ndi pamene pali asilikali sajambulapo, angakhale ndi foni. Lisiti kapena kalata yogulira ngati ilipo itengeni, ndipo lembani penapake namba ya kamerayo ili kunsi kwake, kuti pobwerera pasakhale mkangano woti mwaigula ku Joni.

Agogo a ku Soche:
Mwanangu, onsewa akukuuza za makina, ine ndifunse china. Iweyo akujambula ndani? Ana anga ali aang'ono wonyamula kamera ndinali ine, nthawi ya mafilimu a zithunzi 36 ija. Lero tikatsegula maalubamu, bambo awo ali paliponse, kunyanja, ku Zomba, pa ubatizo. Ine mungandipeze pa zithunzi zowerengeka, china ndikuoneka mkono wokha ndikupatsira mbale. Adzukulu amafunsa ngati ndinkatsala kunyumba.

Bambo akowo akuti foni ikwana, chabwino, foniyo ikhale ntchito yawo, azijambula iwe ndi ana. Wa zaka 13 uja muphunzitse kugwira Canon musananyamuke, lamba ali pakhosi. Ndipo ukwereko nawe zinthuzo, usakangoima pansi ngati mlonda wa zikwama. Mukabwerako chapitsani zingapo papepala, za m'foni zimapita ndi foniyo.

Mlongo wanu wokhala ku Joni:
Agogo anena zoona. Giant Wheel, chigudumu chachikulu chozungulira chija, ndi yofatsa, mutha kukwera banja lonse ndipo pamwamba mumaona tauni ya Johannesburg. Pamenepo 18mm igwira ntchito, lamba ali pakhosi.

Mayi wa ku Chilomoni (wofunsa):
Agogo mwandilasa pamtima, pafoni yangayi zithunzi zanga ndi maselfie okhaokha. Ndiye ndamva motere: 600D ndi 18-55mm, batire yachiwiri, makhadi awiri, kowerengera khadi ndi kathumba ka foni. GoPro mnyamatayu adzagula akadzayamba ntchito. Achimwene a ku Ndirande, batire zosakhala za Canon zija zili bwino? Ndipo ndalama ikatsalako, palibe lenzi ina yaing'ono yoti ingandithandize kukada, poti akuti kulinso zolowa pansi mumgodi?

Wojambula maukwati wa ku Ndirande:
Zilipo zabwino, zilipo zofufuma pakangopita miyezi. Igulani msanga, muitchaje, muijambulire mpaka ithe kuti muone mphamvu yake muli konkuno. Ikayamba kuthina polowa m'kamera, itayeni.

Pa lenzi, ngati dzanja likuyabwa ndithu, funani Canon EF-S 24mm f/2.8 STM. Ndi yopyapyala, magalamu 125 okha, pa kamera yanu imakhala ngati 38mm, ndiye banja limakwana ndipo imalowetsa kuwala kuposa 18-55mm. Koma mumgodi muli mdima weniweni, kumeneko kwezani ISO ifike 3200, tsamirani khoma, ana aime pafupi ndi nyale. Chithunzi chikhala ndi timadontho, chilekeni.

Loweruka likubwerali tulutsani ana panja, wa zaka 9 akwere njinga azibwera chakumene muli, inu muli pa Tv 1/1000 ndi AI Servo. Kenako mupatse wamkuluyo kamera, inu muthamange. Muike zithunzizo pano tione pamene pakuvuta.

Bambo wa ku Limbe:
Ine ndikadali pa mawu anga, mukaifuna lenzi yaitaliyo muli pansi pa Anaconda. Koma poti mwagwirizana zoisiya, mayi, mukuigulitsa zingati? Mwana wanga amasewera mpira Loweruka lililonse, ndikuifuna.