Mwana wanga sadya nsomba, kodi mafuta a nsomba a m'botolo angalowe m'malo?

Makolo anzanga, ndi inu odziwa za kadyedwe ka ana, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mtsikana wa zaka 9, ali pasukulu, ndipo nsomba safuna n'kuiona komwe. Akangomva fungo lake amakankhira mbale kutali. Ndayesa kukazinga, kuwotcha, kuibisa m'zakudya zina, koma ayi ndithu.

Chikundisowetsa mtendere ndi omega-3, mafuta ofunika m'thupi. Mitundu yake iwiri, EPA ndi DHA, imapezeka kwambiri mu nsomba zamafuta monga salmon, sardine ndi mackerel, ndipo DHA ndi yofunika mu ubongo ndi m'maso. ALA, mtundu wina wa omega-3 wopezeka mu soya ndi flaxseed, thupi limaisandutsa DHA pang'ono chabe, choncho kudalira mbewu zokhazo mtima sukundilola. Omega-6, mtundu winanso wa mafuta, sindida nayo nkhawa, amaipeza yambiri m'mafuta ophikira a mpendadzuwa.

Ndiye ndimugulire mafuta a nsomba? Ngati ndi choncho, mlingo woyenera msinkhu wakewu ndi uti? Cod liver oil (mafuta a chiwindi cha nsomba) ndikuiopa, poti ili ndi vitamini A wambiri, ndipo vitamini ameneyu akachuluka m'thupi amavulaza. Mafuta ochokera ku ndere za m'nyanja, omwenso ali ndi DHA, alipo amene anapatsapo mwana wake? Mwina fungo lake angalipirire.

Chomaliza: kuyeza magazi kuti tione kuchuluka kwa omega-3 n'kofunikadi kwa mwana wooneka wathanzi, kapena ndiyambe ndakambirana ndi adokotala? Amene ana anu ankakana nsomba kenako n'kuyamba kudya, munatani?