Ndabwezeretsa seva kuchokera pa backup koma zomwe tinafufuta kalekale zadzuka zonse, nditani?

Akuluakulu a pagulu pano, moni nonse. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndisanalidye.

Ndimayang'anira makompyuta pa SACCO ina yaing'ono ku Lilongwe kuno. Sindine wa IT weniweni ayi, ndinalembedwa ukalaliki, koma atangoona kuti ndimatha kulumikiza printa anandisenzetsa zonse. Tili ndi seva imodzi ya Windows pomwe pamakhala mafoda a ofesi yonse: ma Excel a ngongole, makalata, malipiro a antchito, komanso zithunzi za ziphaso za unzika zomwe mamembala amapereka polowa.

Sabata yatha magetsi anazima n'kuyaka kangapo usiku umodzi, batire la UPS yathu (kabokosi kosunga magetsi kuti seva isazime mwadzidzidzi) linali litatopa kale, m'mawa tinapeza hard drive ya seva yapita. Sindinade nkhawa kwenikweni chifukwa kwa zaka zitatu, tsiku lililonse 6 koloko madzulo, Task Scheduler (yomwe imayambitsa ntchito yokha nthawi ikakwana) imayendetsa robocopy, pulogalamu ya Windows yokopera mafayilo, n'kukopera zonse ku hard drive yakunja ya 2TB. Tinagula hard drive ina, ndinaikanso Windows, n'kukokera zonse kubwerera. Abwana mpaka anandigulira Fanta.

Chisangalalocho sichinagone. Seva isanafe inali ndi zinthu pafupifupi 180GB, koma zomwe zabwerera ndi 410GB. Chilichonse chomwe munthu anafufutapo m'zaka zitatuzi chabweranso. Foda yomwe tinaisintha dzina ikuoneka kawiri, ya dzina lakale ndi ya dzina latsopano. Dzulo mnzanga wa ku ngongole anatsegula fayilo yakale osadziwa, n'kuuza mayi wina kuti akadali ndi ngongole yomwe anamaliza kubweza chaka chatha. Mayiwo anabwera ndi malisiti awo onse m'jumbo, ndipo zomwe anayankhula sindingazilembe pano.

Chondiopsa kwambiri ndi ziphaso. Alipo mamembala ena amene anatuluka n'kupempha kuti zithunzi za ziphaso zawo tichotse, ife tinachotsadi, lero ndikuzionanso.

Ndiye ndithandizeni nzeru. Ndingadziwe bwanji zomwe zinali zamoyo tsiku lomwe seva inafa, ndi zomwe zinali zitafufutidwa kale? Nanga kutsogoloku, chinthu chikafufutidwa pa seva chizikhala pa backup nthawi yaitali bwanji? Abwana akuti tizisunga zonse mpaka kalekale, ine mtima ukukana koma ndilibe mfundo yowayankhira.

Wa ku Area 25: Achimwene, tumizani mzere wonse wa robocopy tiuone. Ndikukayikira kuti munaika /E.

Mwini funso: Eya ndi /E, kenako /R:1 /W:1 ndi /LOG. Ndinangokopera pa intaneti nthawi imeneyo.

Wa ku Area 25: Ndinadziwa. /E imangowonjezera, sichotsa kanthu kumene mukukoperako. Koma pali china chomwe mwina simunachione. Fayilo ikasinthidwa pa seva, robocopy imalemba yatsopanoyo pamwamba pa yakale. Ndiye kuti zinyalala zomwe munataya mwazisunga zaka zitatu, pomwe Excel ya ngongole momwe inalili Lachiwiri lapitalo mulibe. Wina akanalakwitsa manambala n'kuseva masana, pofika 6 koloko zolakwikazo zikanalowa ku backup, zabwinozo n'kupita. Chomwe muli nacho ndi nkhokwe yomwe mumangothiramo chimanga chatsopano pamwamba pa chofumbwa.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Bwanji osangosintha kuika /MIR basi? Zikafufutidwa uku zifufutikenso uko, nkhani yatha.

Mayi wa ku Zomba: Ayi mwanawe, usawaponye m'dzenje lina. /MIR ndi galasi. Kalaliki akafufuta foda ya malipiro mwangozi 4 koloko, pofika 6 koloko galasi lija lafufutanso. Ransomware, vairasi ya akuba ofuna dipo, ikalowa n'kumanga mafayilo, omangidwawo ndi amene akakhale ku backup usiku womwewo. Ine zinandionekera pa sukulu ina yomwe ndinkagwirako, tinazindikira Lolemba kuti foda ya mayeso inasowa Lachisanu, kukayang'ana ku backup nakonso kuli mbee.

Tsono inu mwini funso, musanakhudze chilichonse, imani kaye. Task Scheduler ija ngati mwaiyatsanso pa seva yatsopano, izimitseni lero lomwe. Hard drive yakunjayo ndi mboni yokhayo yomwe mwatsala nayo. Bwerekani kapena gulani ina, mukopere zonse momwe zilili, imodzi muitsekere mu kabati.

Kenako fufuzani log, fayilo yomwe /LOG ija imalembamo zonse zomwe robocopy yachita. Robocopy ikapeza chinthu chomwe chili ku backup koma ku seva kulibe, imachilemba mu log ndi mawu akuti *EXTRA File kapena *EXTRA Dir, ngakhale sikuchichotsa. Log ya usiku womaliza seva isanafe ndiye mndandanda womwe mukuufunawo. Funso n'lakuti inkalembedwa kuti. Ngati ndi pa C: ya seva yakufayo, pepani.

Mwini funso: Mayi, Mulungu akudalitseni. Ndathamanga kukaona, log ili pa hard drive yakunja yomweyo! Ma EXTRA alimo ambirimbiri. Ndiyambe kufufuta?

Mayi wa ku Zomba: Osafufuta. Pa zomwe zili pa mndandandawo, zina anthu anataya dala, zina anataya mwangozi ndipo mpaka lero sakudziwa. Pangani foda imodzi yomwe mungatsegule inu ndi abwana basi, musamutsiremo zonsezo. Muuze ofesi yonse kuti amene akusowa chinthu anene pasanathe miyezi itatu. Ikatha, mukhale pansi ndi abwana ndi owerengera ndalama, mugwirizane zotaya, mulembe pa pepala, asayine. Mawa wina asadzati kalaliki anafufuta yekha.

Muyang'anenso kumapeto kwa log, pali mzere wa FAILED. Fayilo yomwe inali yotsegula nthawi yokopera kawirikawiri imakanika, ndiye ngati alipo amene amaweruka osatseka Excel, ya ku backup ikhoza kukhala yakale.

Wa ku Area 25: Ndiwonjezere kamodzi. Robocopy mukapanda kuiuza /SEC kapena /COPYALL sitenga zilolezo za mafoda. Pitani pa kompyuta ya wa pa reception muyese kutsegula foda ya malipiro.

Mwini funso: Yatseguka. Mayo ine. Ndakonza pompano.

Katswiri wina wa ku Blantyre: Ndiyankheko funso lachiwiri lija, chifukwa ndi lomwe lingakupulumutseni ulendo wina. Vuto lanu lenileni si loti munasunga zambiri kapena zochepa, koma loti backup yanu sidziwa masiku. Mukufunika pulogalamu yomwe imajambula seva yonse momwe ilili tsiku limenelo. Mukadzati ndibwezereni za Lachinayi, ikupatseni za Lachinayi zokhazokha, zomwe zinafufutidwa Lolemba zisabwere. Koma mukafuna fayilo yomwe inatayika Lolembayo, mubwerere ku chithunzi cha Lamlungu n'kuitenga yokhayo. Pulogalamu yotere ina ndi restic, ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows. Veeam Agent nayo ili ndi mtundu waulere, ndipo imatha kutenga ndi Windows yomwe, simudzavutikanso kuika mapulogalamu kuyambira pachiyambi ngati mwachitira ulendo uno.

Kasungidwe komwe ambiri timatsata ndi kaja amati agogo, bambo ndi mwana. Za tsiku ndi tsiku musunge 7, za pa sabata 4, za pa mwezi 12. Pa restic ndi forget --keep-daily 7 --keep-weekly 4 --keep-monthly 12, kenako prune kuti malo amasuke. Sizidya malo monga mungaganizire, chifukwa zomwe sizinasinthe imazisunga kamodzi kokha.

Koma mumvetse chomwe mukuvomera. Fayilo yomwe inakhala pa seva miyezi ingapo, ikafufutidwa lero mudzaipezabe kwa pafupifupi chaka. Yomwe inapangidwa pa 3 n'kufufutidwa pa 10 mwezi womwewo sidzalowa m'chithunzi cha kumapeto kwa mwezi, ndiye za pa sabata zikangotha nayonso yapita. Abwana anuwo muwafotokozere zimenezi ndi kalendala patebulo.

Za "tisunge zonse" zija, iwo akusakaniza zinthu ziwiri. Mabuku a ndalama chaka chikatsekedwa ndi oyenera kusungidwa padera, pa hard drive yakeyake yolembedwa chaka, osadalira backup ya tsiku ndi tsiku. Zaka zake akuuzeni auditor wanu molingana ndi zomwe a MRA ndi oyang'anira ma SACCO amafuna. Backup ntchito yake ndi kukudzutsani mukagwa, basi.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kapena mungoponya zonse pa Google Drive.

Katswiri wina wa ku Blantyre: Yaulere ndi 15GB, iwo ali ndi 180. Komanso ikakhala ya sync, yofananitsa yokha mbali zonse ziwiri, ndi galasi lomwe lija anena mayi a ku Zomba, kungoti zofufutidwa zimadikira masiku 30 mu Trash kenako n'kupita. Bandulo yokwezera zonsezo ulipira ndiwe?

Achemwali a ku Leeds: Ine ndiima pa ziphaso paja, chifukwa kuno ku UK ndi nkhani yomwe timalimbana nayo kuntchito. Pansi pa GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, munthu ali ndi ufulu wopempha kuti zake zifufutidwe. A ICO, omwe amayang'anira zimenezi, amavomereza kuti za mu backup sizingachoke nthawi yomweyo, bola zisagwiritsidwe ntchito ina iliyonse mpaka backup imeneyo ithe nthawi yake. Mwaona pamene "mpaka kalekale" akugwera? Ngati backup siitha nthawi, ndiye kuti munthu uja munamunamiza. Kumudziko nakonso kuli Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ake ndi a MACRA, ndiye musaitenge ngati nkhani ya azungu okha.

Chomwe timachita ife n'chophweka. Tili ndi kaundula wa onse amene anapempha kufufutidwa, muli nambala ya munthu ndi tsiku basi, osati dzina kapena chithunzi. Kaundulayo sakhala pa seva yomwe ikubwezeretsedwayo. Tikabwezeretsa, anthu asanaloledwe kulowa, timadutsa mu kaundula n'kufufutanso mmodzimmodzi. Ngakhale kope la hardcover lingagwire ntchitoyi. Ndipo ziphaso za otulukawo musazidikiritse miyezi itatu ija, mukatsimikiza kuti makalata awo opempha alipo ndipo auditor wavomera, chotsani sabata ino, pa seva ndi pa ma hard drive onse awiri.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zaka zitatu zonsezi. Pofika madzulo ano ndakopera zonse ku hard drive yobwereka, ma EXTRA ndasamutsa, seva yatsikira pa 186GB. FAILED analipo 4, imodzi ndi Excel ya ngongole za mwezi uno, ya ku backup ndi ya masabata awiri apitawo, ndiye mawa tikhala ndi mabuku a malisiti kulowetsanso pamanja. Makalata a otuluka ndapeza asanu mu fayilo ya pa shelefu, koma ndikukumbuka kuti ena anangonena pakamwa, amenewo sindikudziwa ndiwapeza bwanji.

Abwana avomera za 7, 4, 12 nditawaonetsa zomwe mwalemba achemwali. Akuti hard drive yachiwiri izikagona kunyumba kwa msungichuma wa bodi, izibwera Lachisanu lililonse. Tsono iwowo amayenda pa minibasi, ndipo muli ziphaso za anthu mazana. Ndiikepo BitLocker, ija ya Windows yokhoma hard drive yonse, kapena pasiwedi ya restic ikukwanira? Nanga pasiwediyo azisunga ndani, poti ine nditadwala mawa palibe wina pa ofesi pano angaidziwe?