Mfuti yanga ya gogodera ikumwaza zipolopolo pa mayadi 100

Mlenje Watsopano

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukusaka ndi mfuti za gogodera. Yanga ndi yamakono ya .50 (kukamwa kwake n'kwa theka la inchi), yoyatsira ndi primer 209 (kachitsulo kothetheka moto woyatsa onga), ndipo mizere ya m'kati mwa paipi yake imazungulira kamodzi pa mainchi 28 alionse. Ndaikapo sikopu (galasi loonera polozetsa mfuti), koma ikundikanika kuilinganiza, chifukwa pa mayadi 100 chipolopolo china chikumenya pamwamba pa chandamale, china kumanzere, moti sindikudziwa koti ndipotokolere. Ndikuika timibulu titatu ta onga wa Pyrodex, ta magireni 50 kalikonse (gireni ndi muyeso wa onga ndi wa kulemera kwa chipolopolo), ndi zipolopolo za magireni 250 zovekedwa sabot, kachikho ka pulasitiki kogwira chipolopolo m'paipi. Kodi vuto lili pa onga, pa chipolopolo kapena pa sikopu? Sindikufuna kulowa m'tchire ndi mfuti yomwe ingangovulaza nyama osaipha.

Mkulu wa Uzimba

Achimwene, yambani mwaisiya sikopuyo, mungoonetsetsa kuti zomangira zake n'zothina. Sikopu imangosuntha malo amene zipolopolo zikugwera, siingasonkhanitse zipolopolo zomwazikana, choncho ntchito yoyamba ndi kupeza muyeso wa onga umene mfuti yanu ikugwirizana nawo.

Ine ndikukayikira magireni 150 amenewo. Ngakhale mfuti zina analemba kuti zimapirira muyeso wotere, zambiri zimalasa bwino pakati pa magireni 80 ndi 110, ndipo onga ukachuluka mfuti imakankha phewa mwamphamvu mpaka munthu amayamba kunjenjemera asanawombe n'komwe. Pezani onga wosaumba, muyambire pa 80, muwombere katatu, kenako muziwonjezera magireni 10 mpaka muone pamene mabowo atatu ayandikana kwambiri. Timibulu n'tosavuta kunyamula, koma sitikupatsani mpata woyesa pang'onopang'ono chotere. Kumbukirani kuti onga umenewu timayeza ndi kachibekete koyezera, potengera kudzaza kwake, osati pasikelo.

Pakati pa kuwombera kulikonse pukutani paipi ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako kouma, ndipo dikirani kuti izizire, pakuti paipi yotentha imafewetsa pulasitiki wa sabot n'kulepheretsa mizere kugwira chipolopolo bwino. Mukatola ma sabot amene agwa patsogolo panu muwayang'anitsitse: ngati timapiko take tangotambasuka ngati duwa, zili bwino, koma ngati tako lake lasungunuka kapena lang'ambika, ndiye kuti onga wachuluka kapena paipi yatentha.

Mukapeza muyeso wabwino, bwererani pa mayadi 25, mutsamiritse mfuti pa matumba a mchenga, ndipo apo m'pamene mungayambe kupotokola. Masikopu ambiri kudina kumodzi kumasuntha chipolopolo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a inchi pa mayadi 100, kutanthauza kuti pa mayadi 25 mufunika kudina ka 16 kuti musunthe inchi imodzi. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa poganiza kuti sikopu yafa. Mukatero pitani pa 50, kenako pa 100.

Wokonda Onga Wakuda

Zonse anena akuluwa ndikuvomereza, koma pa chipolopolo ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Paipi ya 1:28, yomwe mizere yake imazungulira kamodzi pa mainchi 28 ngati yanuyo, anaipangira zipolopolo zazitali, ndipo nthawi zambiri imakonda za magireni 300 kuposa za 250. Za 300 zimagwa msanga zikapitirira mayadi 100, koma zimalowa mozama pa nyama yaikulu, ndipo kwa ine zimenezi n'zofunika kuposa liwiro. Chipolopolo chozungulira chokulunga m'kansalu, cha .490, musavutike nacho, chifukwa chimafuna mizere yozungulira pang'onopang'ono monga 1:66. Yesaninso ma sabot a makulidwe osiyana, popeza mapaipi a .50 safanana ndendende. Sabot yabwino imatsika ndi mphamvu ndithu koma mosachita kukhomerera, ndipo ikangotsetsereka yokha, dziwani kuti ikumwazirani zipolopolo.

Mukasintha onga musatengere muyeso wakale. Onga wa Triple Seven wosaumba ndi wamphamvu kuposa onga wakuda, moti amalangiza kuchepetsa ndi magawo 15 pa 100 alionse, pomwe onga wa Blackhorn 209 supitirira magireni 120 a m'kachibekete. Buku la mfuti yanu ndilo likhale ndi mawu omaliza. Onga wopanda utsi, wa zipolopolo za mfuti wamba, musauyerekeze ngakhale pang'ono, chifukwa umaphulitsa paipi. Mukatsindira chipolopolo mpaka chakhala pa onga, lembani chizindikiro pa ndodo yotsindirira molingana ndi kukamwa kwa mfuti, kuti nthawi zonse muzidziwa ngati chafika. Mpata wotsala pakati pa onga ndi chipolopolo ungatupitse kapena kung'amba paipi, ndipo Triple Seven amasiya mwaye wouma chapansi umene umanamiza munthu kuti wafika pamene sanafike.

Mlenje Watsopano

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndatsika pa magireni 90 ndipo mabowo ayamba kuyandikana. Chatsala n'chakuti chipolopolo choyamba, paipi ikakhala yotsuka, chikumenya patali pang'ono ndi zinzake. Ndilinganize sikopu potengera chiti?

Mkulu wa Uzimba

Potengera choyambacho, achimwene, chifukwa m'tchire ndicho mudzawombere nyama. Mafuta otsalira m'paipi ndiwo kawirikawiri amachisocheretsa, choncho musanathire onga pukutani ndi kansalu kouma, muphulitse ma primer awiri mfuti ilibe kanthu, italoza kumene kulibe munthu, kuti kabowo ka moto kaume. Muzichita zomwezo pa tsiku loyesa ndi pa tsiku la uzimba. Ngati mukufuna kudzawombera pa mayadi 150, ikani chandamale pamenepo muone nokha mmene chipolopolo chikugwera, ndipo ngati simungathe kusunga zipolopolo zonse m'bwalo la mainchi 6, mtunda umenewo si wanu panobe.